Kugwirizira Kalasi ya Mnzako

Ulendo uno tifuna tikambirane za ntchito imene ambiri mwa ife aphunzitsi a ku pulayimale taigwirapo, koma sitchulidwa kawirikawiri pa misonkhano ya makolo, ngakhale pa chikondwerero cha tsiku la aphunzitsi pa 12 Okutobala. Ntchito yake ndi yogwirizira kalasi ya mnzako pamene mwini wake wachoka. Tikulemba monga anthu amene talowapo m'makalasi a eni ake, pena kwa masiku atatu, pena kwa miyezi itatu, ndipo tifuna kuti inu makolo mudziwe chimene chimachitika mwana akabwera kunyumba n'kunena kuti, "Lero kunabwera aphunzitsi ena."

Mphunzitsi ndi munthu ngati wina aliyense. Amadwala, amagoneka m'bale wake kuchipatala, amapita kumaliro a kutali. Ena amaitanidwa ku maphunziro a masiku angapo ku sukulu imene imatsogolera sukulu za m'dera lawo, zimene timazitcha ZIP. Ena amasamutsidwa wolowa m'malo asanafike. Ndipo kuyambira chaka cha 2017 mayi wogwira ntchito ya boma akabereka amapuma masiku 90, pamene kale anali 60. Zonsezi ndi zifukwa zomveka. Palinso kujomba kopanda chifukwa, kumene sitingakubise. Mu 2014 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idachita kafukufuku m'sukulu za pulayimale za dziko lathu lino la Mozambique, ndipo ofufuza pofika mosadziwitsa adapeza kuti pa aphunzitsi 100 alionse, 45 sadali pa sukulu. Chifukwa chikhale chabwino kapena choipa, ana amafikabe m'mawa ndi makope awo, ndipo pamafunika munthu woima patsogolo pawo.

M'mayiko ena muli gulu la aphunzitsi amene ntchito yawo ndi kudikira kunyumba kuti aitanidwe mnzawo akachoka. M'sukulu zathu za kumidzi ya ku Angónia ndi Tsangano sitikhala ndi mwayi wotero. A direkitori kapena wothandiza wawo woona za maphunziro amangoyang'ana ndandanda n'kuitana mmodzi wa ife: iwe wophunzitsa m'mawa, utengenso kalasi ya masana. Zikavuta kwambiri amaphatikiza makalasi awiri m'chipinda chimodzi, ana n'kuthinana mpaka pakhomo. Choncho wogwirizira kawirikawiri ndi munthu amene waima kale pa bolodi kuyambira dzuwa litangotuluka, wadya mothamanga mbatata yowotcha, n'kuvalanso bata lake loyera lija fumbi la choko likadali m'manja.

Polowa m'kalasi ya mwini wake ana amaimirira onse pamodzi n'kupereka moni wa m'Chipwitikizi mokweza, monga adaphunzitsidwira. Koma maso awo amakhala akuyesa mlendoyo. Kodi ndi wokalipa? Kodi akudziwa kuti wolongolola ndi uti? Pasanathe nthawi wina wapempha kupita kukataya madzi, winanso, winanso, mpaka mzere wathunthu watsala wopanda munthu. Poitana maina, mawu amodzimodzi amayankha kuti "presente" kawiri kapena katatu, kuyankhira anzawo amene ali kudambo ndi ng'ombe. Sikuti anawa ndi oipa ayi. Mwana aliyense amafuna kudziwa malire a munthu wamkulu amene wamupeza, ndipo akawadziwa amakhazikika.

Chinthu choyamba chimene timafunafuna ndi buku la kalasi, lija timalitcha livro de turma, mmene mphunzitsi amalemba mutu wa phunziro la tsiku lililonse ndi maina a ojomba. Buku limeneli likalembedwa mokhulupirika, zili ngati kufika m'munda wa mnzako n'kupeza khasu litasiyidwa pamene mzere unalekezera: umangolitola n'kupitiriza. Koma likakhala ndi masamba oyera a milungu iwiri, ntchito imayamba ndi kufufuza. Ukafunsa mwana wotsogolera kalasi akuuza tsamba lina, anzake akutsutsa, wina akuti zimenezo tidamaliza kale pofuna kuthawa masamu ovuta. Taphunzira kutenga makope atatu, la mwana wa kutsogolo, la wapakati ndi la wakumbuyo, n'kuwayerekeza. Kope la wakumbuyo ndilo limanena zoona za pamene kalasi yafika.

Komabe pali zambiri zimene sizilembedwa m'buku lililonse. Mwini kalasi amadziwa kuti mtsikana uja amakhala pafupi ndi bolodi chifukwa samva bwino khutu limodzi. Amadziwa kuti mnyamata wina amafika mochedwa nthawi ya dzinja chifukwa amadikira kuti mtsinje uphwe, ndi kuti wina ali ndi matenda akugwa, ndi kuti wina akuleredwa ndi agogo ake okalamba amene sangathe kumugulira kope lachiwiri. Wogwirizira amalowa osadziwa chilichonse cha izi, pakati pa ana 60 kapena 70 amene nkhope zawo zimaoneka zofanana tsiku loyamba. Apa ndi pamene pali ngozi yaikulu ya ntchito yathu, chifukwa n'kosavuta kudzudzula mwana wosamva kuti ndi wamwano, kapena kulanga wowoloka mtsinje kuti ndi waulesi. Mwana wolangidwa mosalakwa ndi mlendo sadandaula kwa munthu. Amangosiya kubwera mpaka aphunzitsi ake atabwerera, ndipo ena sabwereranso.

Chifukwa cha ichi timayesetsa kuphunzira maina msanga, ngakhale tikudziwa kuti sitikhalitsa. Ena amaona ngati kutaya nthawi. Koma mwana amene mphunzitsi amamutchula kuti "iwe wa juzi lofiira" amadziwa kuti akhoza kubisala, pamene amene watchulidwa dzina lake amadziwa kuti waonedwa, ndipo akajomba mawa afunsidwa. Maina khumi pa tsiku, pakutha pa mlungu kalasi yasanduka ya anthu odziwika.

Nkhani ina yovuta ndi ya chilankhulo. Ana athu ambiri amayamba kalasi yoyamba asakudziwa Chipwitikizi, chifukwa kunyumba, kumunda ndi kumpingo amalankhula Chinyanja. Chigawo chathu cha Tete ndi chimodzi mwa zigawo ziwiri kumene boma lidayesa kuphunzitsa ana m'chilankhulo chawo pakati pa 1993 ndi 1997, china chinali Gaza, ndipo pambuyo pake njira imeneyi idalowa m'sukulu zina za dziko lonse. Lero pali makalasi ophunzira m'zilankhulo ziwiri ndi ena ophunzira m'Chipwitikizi chokha. Wogwirizira ayenera kufunsa asanatsegule pakamwa kuti kalasi iyi ndi ya mtundu uti. Mwana amene wakhala akuphunzira kuphatikiza zilembo m'Chinyanja, tsiku lina n'kupeza bolodi yadzaza mawu a Chipwitikizi amene sadawamvepo, amaganiza kuti nzeru zamuthawa. Pamene chathawa si nzeru zake, koma njira imene ankayendamo.

Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ndi zoona. Diso latsopano limaona zimene mwini wake adazolowera. Kangapo taona mwana amene ankadziwika kuti ndi wosalankhula akukweza dzanja pamaso pa mlendo, chifukwa mlendoyo sadamve mbiri yakuti iyeyo ndi mbuli. Koma kalumo kameneka kafunika kukagwira mosamala. Pali njira zoposa imodzi zophunzitsira kuchotsera manambala, ndipo mwana wa kalasi yachiwiri amene waphunzira njira ina kwa miyezi inayi, ukamupatsa ina kwa milungu iwiri amataya zonse ziwiri. Tikapeza kuti mnzathu ali ndi njira yake, timayenda m'mapazi ake ngakhale yathu tikuiona ngati yabwino koposa. Ndipo ana akanena kuti, "Aphunzitsi athu sachita choncho," sitinyoza mwini wake pamaso pawo. Adzabwerera, ndipo adzafunika ulemu wa ana amenewa ife titachoka.

Tinenenso za chiyeso chimene aliyense wogwirizira amachidziwa. Munthu watopa, kalasi si yake, zotsatira za kumapeto kwa chaka sizidzalembedwa pa dzina lake. Ndalama ya maola owonjezera imalonjezedwa, koma nthawi zambiri imafika mochedwa, munthu atakongola kale sopo ndi mchere. Kunyumba kukudikira makope a makalasi awiri ofunika kuchonga ndi kuwala kwa tochi. Pamenepo n'kosavuta kudzaza bolodi ndi mawu, kuuza ana kuti akopere mwakachetechete, iwe n'kukhala pa mpando. N'kosavutanso kuwatuma kukasesa bwalo kapena kukatunga madzi. Wodutsa panja aona kuti kalasi ili chete ndipo mphunzitsi alimo. Koma ameneyo ndi mlonda chabe, ndipo ana alonderedwa tsiku lonse osaphunzira kanthu.

Tiyeni tiwerengere pamodzi mtengo wake. Chaka chathu cha sukulu chili ndi zigawo zitatu. Masiku 90 a mayi amene ali m'chikuta ndi pafupifupi chigawo chimodzi chathunthu. Malinga ndi lamulo la maphunziro la 2018, pulayimale ili ndi makalasi asanu ndi limodzi, ogawidwa pawiri: yoyamba mpaka yachitatu, ndi yachinayi mpaka yachisanu ndi chimodzi. M'zaka zitatu zoyambazo ndi mmene mwana ayenera kugwira kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Ngati chigawo chimodzi cha kalasi yoyamba chapita ndi kukopera zilembo zimene sakuzidziwa, mwanayo akwerabe kalasi pamodzi ndi anzake, ndipo dzenje limene latsala silioneka msanga. Lidzaonekera pamene buku la kalasi yachinayi lidzamuyembekezera kuwerenga yekha, iye n'kumangoyang'ana zithunzi. Pofika pamenepo palibe amene adzakumbukire dzina la wogwirizira uja. Adzangoti mwanayu mutu wake ndi wouma. M'mera m'poyamba, ndipo miyezi ya mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sibwerezedwa.

N'chifukwa chake timati kalasi ya mnzako uigwire ngati yako. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe sunena za kudyetsa kokha. Kwa ife utanthauza kukonzekera phunziro la kalasi ya masana monga takonzekerera la m'mawa, kuyenda pakati pa mizere kuona amene wagwira pensulo mozondotsa, ndi kulemba m'buku la kalasi tsiku ndi tsiku zimene taphunzitsadi. Utanthauzanso kubweza munda mwadongosolo. Mwini wake akabwerera timakhala naye pansi, kumuonetsa malikisi a mwana aliyense, kumuuza amene wayamba kuwerenga, amene wabwerera m'mbuyo, ndi amene sadaoneke kuyambira mlungu wakuti. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma ngakhale mame amasiya nthaka yonyowa.

Tsono tili ndi pempho kwa inu makolo. Mukamva kuti aphunzitsi a mwana wanu achoka ndipo kwabwera ena, musanene kuti ino ndi nthawi yabwino yakuti akathandize kukumba mbatatesi, kapena kukanyamula katundu wa ku msika wa ku Ulónguè, poti eni ake kulibe. Sukulu ilipo, ndipo phunziro la mlungu umenewo silidzabweranso. Ngati mwana wanu ali ndi vuto la makutu, la maso kapena matenda ena, bwerani mudzatiuze tsiku loyamba lomwe. Mphindi zisanu zanu zingapulumutse mwana ku chilango chosayenera. Madzulo tsegulani kope lake. Ngakhale amene sadziwa kuwerenga angathe kuona ngati muli cholembera chofiira cha aphunzitsi kapena ayi. Ndipo inu amene mudasankhidwa kukhala m'bungwe la sukulu, ndi udindo wanu kufunsa mwaulemu kuti kalasi yakuti ikugwiridwa ndi yani, ndipo kufikira liti.

Kwa aphunzitsi anzathu, pempho ndi lakuti tisachoke ngati othawa nkhondo. Ulendo ukadziwika kale, monga wa kuchikuta kapena wa ku maphunziro, tisiye buku lolembedwa bwino ndi kapepala kotchula ana ofunika diso lapadera. Lero wogwirizira ndi mnzako, mawa ndiwe. Kwa atsogoleri a sukulu, tipempha kanthu kakang'ono: mumuperekeze wogwirizira mpaka m'kalasi, mumutchule dzina pamaso pa ana, ndi kuwauza kuti awa ndi aphunzitsi anu kufikira anzawo atabwerera. Mawu ochepa amenewa amachepetsa phokoso la mlungu wathunthu, chifukwa ana amadziwa kuti munthuyu sadangosochera.

Mutu umodzi susenza denga. Kalasi imene mwini wake wachoka imaima pa anthu anayi: amene wachoka, amene wagwirizira, amene amatsogolera sukulu, ndi kholo limene limadzutsa mwana m'mawa wozizira wa mwezi wa Juni. Mmodzi akalekerera, wolipira ndi mwana amene sadafunsidwe n'komwe. Nkhaniyi mukambirane ndi anzanu a m'mudzi amene tsamba lino siliwafika.