Madzi a ku Nipepe ndi maina amene akuiwalika

ETATARA, Cuamba — Pa 31 Okutobala chaka chilichonse, Akatolika amakumbukira Wodala Irene Stefani, sisitere wa chipani cha Consolata. Mayi ameneyu sanapondepo nthaka ya Niassa, komabe mbiri yake sinenedwa popanda kutchula chigawo chino. Nchifukwa chake anthu a ku Etatara, Mandimba ndi Ngauma ayenera kuidziwa bwino, ndi kudzifunsa chimene ikuwauza.

Irene Stefani anabadwa mu 1891 ku Anfo, m'dziko la Italy, ndipo anafika ku Kenya mu 1915. Inali nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anamutumiza ku zipatala za amtengatenga, anthu akuda amene ankasenzetsedwa katundu wa asilikali, ku Voi, Kilwa, Lindi ndi Dar es Salaam. Kumeneko anatsuka zilonda ndi kudyetsa odwala a mitundu ndi zipembedzo zosiyanasiyana. Nkhondo itatha anagwira ntchito ku Gikondi, kumene Akikuyu anamutcha Nyaatha, kutanthauza mayi wachifundo. Anamwalira pa 31 Okutobala 1930, ali ndi zaka 39, atatenga mliri kwa wodwala amene ankamusamalira.

Patapita zaka pafupifupi 60, dzina lake linamveka ku Nipepe, kum'mawa kwa Niassa. Pa 10 Januwale 1989, nkhondo ya pachiweniweni ili mkati, asilikali a Renamo anaukira malowo. Anthu pafupifupi 270 anatsekeredwa m'tchalitchi. Ambiri anali akatekisiti ndi mabanja awo amene anasonkhana kudzaphunzira pa mishoni, imene wansembe wake anali Bambo Giuseppe Frizzi. Madzi okhawo anali a m'chobatizira. Mboni zinanena kuti anthu anapempha Sisitere Irene kuti awapempherere, ndipo madzi ochepawo anamwedwa kwa masiku angapo osatha. Mpingo unafufuza nkhaniyi, Papa Fransisko anaivomereza mu 2014, ndipo pa 23 Meyi 2015 Irene Stefani anatchedwa Wodala ku Nyeri, m'dziko la Kenya.

Pali ena amene amakayika za chozizwitsachi, ndipo m'maboma a Mandimba ndi Ngauma muli Asilamu ambiri amene chiphunzitso cha oyera sichiwakhudza. Palibe chifukwa chokangana nawo. Koma pali chinthu chimodzi chimene wokhulupirira ndi wokayika angagwirizane: dziko linadziwa za Nipepe chifukwa anthu anakhala pansi, anafunsa mboni, nalemba. Pakanapanda kulembako, nkhaniyo ikanathera pa maliro a okalamba.

Chimodzimodzinso ku Guiúa, m'chigawo cha Inhambane. Pa 22 Marichi 1992 akatekisiti ndi abale awo oposa 20 anaphedwa pafupi ndi malo awo ophunzirira, miyezi yochepa pangano la mtendere la ku Roma la pa 4 Okutobala lisanasainidwe. Maina awo anasungidwa, manda awo amadziwika, ndipo anthu amapitako kukapemphera.

Nanga a m'midzi ya kuno? Amishoni a Consolata anayamba ntchito ku Massangulo mu 1928, koma pa zaka za nkhondo, kuyambira 1977 mpaka 1992, ansembe sankatha kufika m'midzi yambiri. Amene anatsogolera mapemphero pansi pa mitengo anali akatekisiti ndi akulu a mpingo. Amene anasambitsa odwala, kuika maliro ndi kulera ana amasiye anali amayi wamba. Ena anathawira ku Malawi pamodzi ndi anthu awo, napitiriza ntchitoyo m'misasa ya othawa nkhondo. Ena sanabwerere. Mashehe nawonso anasunga anthu awo m'njira yomweyo. Ntchito imene inachititsa Akikuyu kutcha mlendo kuti mayi wachifundo ndi yomweyo imene anthu amenewa anagwira, popanda malipiro ndi popanda wowajambula chithunzi.

Lero mwana wa sukulu angathe kutchula Karoli Lwanga ndi anzake a ku Uganda, amene anatenthedwa mu 1886, koma osadziwa dzina la katekisiti amene anabatiza amayi ake kuthengo. Kumeneku ndi kulakwa kwa akuluakulu, osati kwa mwanayo. Amene anaona zinthuzi ndi maso akukalamba, ndipo chaka chilichonse ena akutsikira kuli chete. Madzi akatayika saoleka.

Ntchito yake siifuna ndalama za boma kapena za bungwe lakunja. Ikufuna kope limodzi, cholembera, ndi mnyamata kapena mtsikana wodziwa kulemba. Mphakati uliwonse ukhale pansi ndi agogo ake, ulembe dzina la munthu, mudzi wake, chaka, ndi chimene anachita. Zolembazo ziwerengedwe pamaso pa anthu kuti olakwitsa akonzedwe, kenaka zisungidwe ku parishi, ndipo maina azitchulidwa pa mapemphero a mwezi wa Novembala, pamene mpingo umakumbukira oyera onse ndi akufa.

Sikuti onsewo adzatchedwa oyera ku Roma, ndipo mwina palibe ndi mmodzi yemwe. Koma mwana amene wamva kuti agogo a m'mudzi mwake anagawa madzi ndi ufa wawo womaliza kwa odwala sadzaganiza kuti chifundo chimachokera kutsidya kwa nyanja kokha. Okalamba akadali moyo, ndipo nthawi yowafunsa ndi ino.