Mwana wa zaka zisanu si wochitira maere

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga ndipo lero muli ndi ana anuanu kuno ku America, nkhani ya lero ikhoza kundidanitsa ndi ena mwa inu, koma ndiinenabe. Ngati mwana wanu akuyamba kindergarten, kamulembetseni ku sukulu ya boma ya m'dera lanu. Sukulu ya charter muiganizire pokhapokha itakuyankhani mafunso amene ndalemba kumapetoku, ndipo iyankhe ndi manambala. Kabuku konyezimira ka zithunzi za ana ovala mataye si yankho ayi.

Ndiyambe ndafotokoza kaye, chifukwa ambiri a ife tikangomva kuti charter timaganiza za sukulu za pulaiveti za kumudzi, mtima n'kukhala pansi nthawi yomweyo. Charter si pulaiveti, ndipo simulipira fizi. Imayendera ndalama za msonkho, zomwe zija zimayendetsa sukulu ya boma, ndipo mwana akasamuka ndalama zake zimamutsatira. Kusiyana kwake n'kwakuti imayendetsedwa ndi bungwe kapena kampani imene yasainirana pangano ndi boma, kawirikawiri la zaka zisanu, ndipo oiyendetsawo sasankhidwa ndi anthu a m'dera pa voti monga zimakhalira ndi mabodi ambiri a sukulu za boma. Ofuna malo akachuluka, sukuluyo imachita maere.

Ganizoli pachiyambi linali labwino. Mu 1988 Albert Shanker, mtsogoleri wa bungwe la aphunzitsi la American Federation of Teachers, ankafuna timasukulu toyendetsedwa ndi aphunzitsi eni ake, toyeseramo njira zatsopano zothandizira ana ovuta kuphunzitsa, kuti zikatheka sukulu zonse zitengere. Minnesota inakhazikitsa lamulo loyamba mu 1991, ndipo mu 1992 City Academy inatsegulidwa ku St. Paul, yolandira achinyamata amene anasiyira sukulu panjira. Shanker yemweyo asanamwalire mu 1997 anali atayamba kudzudzula mmene zinthu zinkayendera, poona kuti anthu a bizinesi alowerera. Pofika 2021 ana pafupifupi 3.7 miliyoni, kapena kuti 7 mwa ana 100 alionse a m'sukulu zoyendera msonkho, anali mu charter.

Sindibisa kuti zabwino zilipo. Za ku Boston zinaonetsa zotsatira zapamwamba pamene akatswiri anayerekeza ana amene anapambana maere ndi amene analephera. KIPP, imene inayamba ku Houston mu 1994, yathandiza ana ambiri osauka. Bungwe la kafukufuku la CREDO la ku Stanford linapeza mu 2009 kuti pa masamu, charter 17 mwa 100 zinkaposa sukulu za boma, 37 zinkatsalira m'mbuyo, zotsalazo zinali chimodzimodzi. Mu 2023 bungwe lomweli linapeza kuti zinthu zasintha, ana a charter akupindula ngati aphunzira masiku 16 owonjezera pa kuwerenga ndi masiku 6 pa masamu pa chaka. Masiku 6, anzanga! Ndiwo akuchititsa phokoso lonseli? Komanso nambala imeneyi ndi yophatikiza sukulu zikwizikwi, zabwino kwambiri ndi zoipitsitsa. Mwana wanu sakalowa mu nambala yophatikiza. Akalowa m'kalasi imodzi, ya mphunzitsi mmodzi.

Ine ndimaphunzitsa ku sekondale, ndipo amene amafika kwa ine ndi ana oumbidwa kale. Mwana amene sanagwire kuwerenga pofika giredi 3 ndimamudziwa sabata yoyamba, ngakhale ali ndi zaka 15: amabisala kumbuyo, amakwiya msanga, ndipo funso la masamu limamugonjetsa asanafike pa masamuwo. M'mera mpoyamba. Zaka zinayi zoyambirirazo mwana amafuna mphunzitsi wodziwa kuphunzitsa kuwerenga, amene akhalepo chaka chonse ndi chaka chinacho, m'sukulu imene siisowa. Apa ndi pamene ndimakangana ndi charter.

Choyamba, zimatsekedwa. Oikira kumbuyo charter amanyadira zimenezi, amati yolephera imafa ngati sitolo yosowa makasitomala. Sitolo ikatsekedwa mumakagula sopo kwina. Sukulu ikatsekedwa, mwana amataya mphunzitsi, anzake ndi njira imene ankaphunzirira zilembo. Ku Ohio, sukulu ya charter ya pa intaneti yotchedwa ECOT inatsekedwa mu Januwale 2018, pakati pa chaka, ana pafupifupi 12,000 n'kutsala m'malere, boma litailamula kubweza madola mamiliyoni ambirimbiri amene inalandira pa ana omwe sinathe kuonetsa kuti ankaphunziradi. Za pa intanetizi ndiye musayandikireko n'komwe: CREDO inapeza mu 2015 kuti ana ake amatsalira masiku 180 pa masamu, chomwe ndi chaka chathunthu cha sukulu. Anawo anathawira kuti? Ambiri ku sukulu za boma zomwe zija ankazinyoza, chifukwa lamulo limazikakamiza kulandira mwana aliyense wa m'dera tsiku lililonse.

Chachiwiri, amati kholo ndi limene limasankha, koma sukulunso imasankha. Maere amangolowa amene anamva msanga, anadzaza mafomu pa nthawi yake, ndipo ali ndi galimoto ngati sukuluyo ilibe basi. Mayi wogwira ntchito usiku kosamalira okalamba wagwa kale maere asanachitike. Ndipo amene walowa sikuti wakhazikika. Mu 2015 nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti pa sukulu ina ya pulayimale ya Success Academy ku Brooklyn panalembedwa mndandanda wa ana 16 oyenera kuchoka. Akuluakulu a bungweli anati kunali kulakwitsa kwa hedimasitala mmodzi. Chabwino. Nanga lipoti la boma la GAO la mu 2012, loti ana aulumali anali 8 mwa 100 mu charter pamene m'sukulu za boma anali 11? Kwa ine si nkhani ya m'nyuzipepala chabe. Chaka ndi chaka ndimalandira ana pakati pa temu ochokera ku charter zina za mumzinda uno, ndipo makolo amafotokoza mofanana: sanachotsedwe, koma foni inkalira tsiku ndi tsiku kuti bwerani mudzamutenge, mpaka kholo linatopa. Mayeso akatuluka sukulu ija imaoneka ya nzeru. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati zikutere ndi achinyamata, kuli bwanji kamwana ka zaka zisanu kosatha kukhala phee, kapena kamene kunyumba kamayankhula Chichewa?

Chachitatu, aphunzitsi sakhalitsa. M'charter zambiri muli achinyamata akhama, ogwira ntchito maola ataliatali opanda bungwe lowayankhulira, ndipo amachoka msanga kuposa a m'sukulu za boma. Sindikuwanyoza, ena ndi ana anga omwe. Koma luso lophunzitsa mwana kulumikiza zilembo limabwera ndi zaka, ndipo sukulu yosintha aphunzitsi ngati malaya silingakhale nalo.

Chachinayi ndi cha ife tonse. Ana 30 akachoka pa sukulu ya boma, amachoka awiri kalasi iyi, atatu kalasi iyo. Ndalama zawo zapita, koma denga ndi lomwelo, magetsi ndi omwewo, basi ikuyendabe msewu womwewo. Ndiye amadula mphunzitsi wa nyimbo, woyang'anira laibulale, wothandiza ana ovutika kuwerenga. Kenaka anthu amaloza chala kuti taonani sukulu ya boma ikulephera. Anthu a ku Massachusetts, kumene kuli charter zotchuka zija, anaona zimenezi, ndipo mu 2016 anakana pa voti kuti zichuluke, 62 mwa 100 alionse. Ku New Orleans, namondwe wa Katrina atawononga mzinda mu 2005, ogwira ntchito m'sukulu oposa 7,000 anachotsedwa ndipo m'kupita kwa zaka sukulu zonse zinasanduka charter. Zotsatira za mayeso zinakweradi, koma ana aang'ono ambiri anayamba kudzuka kusanache kukwera basi yodutsa mzinda wonse, ndipo mu 2024 mzindawo unatsegulanso sukulu yoyendetsa wokha, Leah Chase School. Kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sukulu ya boma ndiyo yokha imene inamangidwa pa mfundo imeneyi.

Ndikudziwa wina anena kuti, aphunzitsi, inu simukuidziwa sukulu ya m'dera lathu. N'zoona, zina n'zomvetsa chisoni, makamaka poti kuno gawo lalikulu la ndalama za sukulu limachokera ku msonkho wa nyumba, kotero dera losauka limakhalanso ndi sukulu yosauka. Ngati mwapitako, mwakhala m'kalasi ola lathunthu, mwaona ndi maso anu kuti sizili bwino, sindingakuuzeni kuti mupereke mwana wanu nsembe chifukwa cha mfundo zanga. Chimene ndikukana ndi kuithawa musanaione, chifukwa choti wina wanena ku tchalitchi kapena pa WhatsApp.

Mukapita ku charter, funsani izi. Mwa ana amene anayamba kindergarten zaka zinayi zapitazo, ndi angati akadalipo? Mwana akachoka, malo ake mumaikapo wina m'makalasi onse? Mphunzitsi wa giredi 1 wakhala pano zaka zingati? Chaka chatha munaimitsa ana angati osakwana zaka zisanu ndi zitatu? Pangano lanu ndi boma likutha liti? Mwana wanga akapezeka ndi vuto la kuwerenga, amuthandiza ndani, ndipo ali pano masiku angati pa sabata? Mafunso omwewa kafunseninso ku sukulu ya boma. Amene ayankhe mosazemba, mpatseni mwana. Amene ayambe kukuonetsani makompyuta atsopano, tsanzikani bwinobwino, muzipita.

Aphunzitsi anzanga amene muli mu charter, ndikudziwa mundiyankha. Bwerani ndi manambala a sukulu yanu, tikambirane.