Telala wa zinjoka akadali ndi nsalu yathu

Abale anzanga a pamsika, pali ngongole ina yomwe simungakaisumire kwa tcheyamani wa msika, kupolisi ngakhale kwa majisitireti. Ndi ngongole ya munthu amene wayamba kukusimbirani nkhani yokoma, wafika pamene mfumu yagwidwa, mpeni uli pakhosi, kenako n'kunena kuti zotsalazo mudzamva mawa. Mawa lakwana, ziii. Chaka chatha, ziii. Sabata ino ndati tikambirane za ngongole imeneyi, chifukwa ngakhale mwini wake ali kutali ku America, ena mwa ife tikugulitsa nawo katundu wake m'tauni muno osadziwa kuti ndi katundu wosamaliza.

Mkulu wake ndi George R.R. Martin, wobadwa mu 1948, amene amakhala ku Santa Fe. Dzinalo mwina lakudutsani, koma Game of Thrones mukuidziwa. Ndi filimu yotsatizana ija ya mafumu olimbirana mpando, akazi ochenjera kuposa amuna awo, ndi zinjoka zolavula moto. Inayamba mu 2011 n'kutha mu 2019, zigawo 73. A madishi anaionera pa DStv, enafe tinkangopereka fulashi kwa anyamata obena mafilimu ku Limbe, ku Ndirande ndi ku Bangwe. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti filimuyo inachokera m'mabuku, ndipo mabukuwo sanathe.

Tamverani kawerengedwe kake, inu odziwa kusunga kabuku ka ngongole. Buku loyamba linatuluka mu 1996. Lachiwiri mu 1998. Lachitatu mu 2000. Mpaka apa palibe wodandaula, katundu akufika pa nthawi yake. Lachinayi linadzafika mu 2005, patapita zaka zisanu, ndipo kumapeto kwake mkuluyu analembako kuti lotsatira akuyembekeza kuti lituluka chaka chamawa. Chaka chamawacho chinasanduka zaka 6: lachisanu linatuluka pa 12 July 2011. Lachisanu ndi chimodzi analipatsa kale dzina, The Winds of Winter, koma chaka cha 2025 chinafika anthu asanaligwire m'manja. Ndiye pambuyo pake pakuyenera kubweranso lina lotsekera. Poyamba penipeni, munthuyu ankati alemba mabuku atatu okha basi.

Kuti mumvetse kutalika kwa nthawi imeneyi, kumbukirani kuti mu July 2011 ndalama yaikulu m'thumba mwa wamalonda inali K500. Ya K1,000 inabwera mu 2012, ya K2,000 mu 2016, ya K5,000 mu 2022. Ndalama zitatu zatsopano zalowa mumsika, buku limodzi likanika kutuluka! Mwana amene anabadwa nthawi imeneyo pofika 2025 anali mnyamata wa msinkhu wolemba mayeso a Sitandade 8, wokutumikirani pa benchi mukapita kukaoda.

Mwina mukuti, nanga ife za azunguzi zikutikhudza pati? Zikutikhudza kudzera ku Sunnyside. Kuseri kwa mipanda ija, kumene agalu amadya bwino kuposa alonda, kumakhala anthu ambiri obwera pa kontirakiti ya zaka ziwiri kapena zitatu. Nthawi yochoka ikakwana, firiji amagulitsa, galimoto amagulitsa, koma mabuku ndi olemera kukwera nawo ndege. Amathera m'katoni, katoni imapita kwa mlonda kapena wa m'dimba, ndipo mawa lake mabukuwo ali pansi pa khonde la sitolo m'tauni, pambali pa mabuku akale a sukulu ndi magazini a chaka chatha. Ena amabwera m'makontena limodzi ndi kaunjika. Umu ndi mmene zinjoka za a Martin zimafikira kwa kalaliki wa ku Ginnery Corner ndi mtsikana wa Fomu 4 wa ku Chilomoni.

Ndiye owerenga a kuno amadikira kawiri. Mzungu wa ku London amadikira wolemba yekha. Ife timadikira wolemba, komanso timadikira kuti wina ku Sunnyside kontirakiti yake ithe. Mabuku otsatizana safika mwa dongosolo ngati mazira m'thireyi. Lero mwapeza loyamba, mwezi wamawa lachinayi, lachiwiri mudzalipeza Khirisimasi ina, masamba omaliza atathothoka. Ine ndinamuona mnyamata wina atasonkhanitsa onse asanu patatha zaka ziwiri akuzungulira mabenchi, nkhope ikuwala ngati wapambana mpikisano. Anafunsa wogulitsa kuti, "Achimwene, lomaliza lifika liti?" Wogulitsa, osaphethira n'komwe, anati, "Bwerani Lachisanu, bwana, katundu ali m'njira." Katundu wake uti, pamene mwini wake sanamalize kulemba? Apa ndiye pagona nkhani yanga.

Tiyambe ndi wolembayo. Chikumuchedwetsa n'chiyani? Si njala, chifukwa mabuku ndi filimu zinamulemeretsa kwabasi. Iye mwini amanena kuti olemba alipo a mitundu iwiri: ena ali ngati womanga nyumba amene amajambula pulani yonse asanaike njerwa, ena ali ngati wa m'dimba amene amadzala mbewu n'kumaona mmene ikukulira. Iyeyo akuti ndi wa m'dimba. Tsono dimba lake layanga. Anthu a m'nkhani yake ndi ochuluka ngati tsiku la msika ku Lunzu, aliyense ali ndi ulendo wake, ndipo onsewo ayenera kukakumana pamalo amodzi. Akalemba, n'kuona kuti sizikugwirizana, amafufuta n'kuyambiranso. Mu January 2016 anavomera poyera kuti walephera kumaliza bukulo pa nthawi yomwe anagwirizana ndi osindikiza, ndipo filimu inalipitirira buku n'kukafika kumathero payokha.

Koma palinso china. M'zaka zomwezi mkuluyu sanakhale manja lende. Mu 2018 anatulutsa Fire & Blood, buku la mbiri ya makolo a anthu a m'nkhani yake. Kuchokera m'bukulo munatuluka filimu ina, House of the Dragon, mu 2022. Apa ndi pamene owerenga amapsera mtima. Inu nonse mukumudziwa telala amene watenga nsalu yanu ya ukwati, wayeza, wadula, koma tsiku lililonse mukadutsa mumamupeza akusoka mayunifolomu a ena. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Sali yekha. Palinso wina, Patrick Rothfuss, amene anatulutsa The Name of the Wind mu 2007 ndi lachiwiri lake mu 2011. Poyamba anauza anthu kuti mabuku onse atatu anali atalembedwa kale, kwangotsala kusalaza. Nalonso lachitatu chaka cha 2025 chinalipeza lisanatuluke. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsono funso n'lakuti, kodi anthu amenewa ali nafe ngongole? Ena amati ayi. Akuti munalipira buku limodzi, munalandira buku limodzi, nkhani yathera pomwepo. Wolemba si wantchito wanu. Mawuwa ali ndi nzeru, koma wamalonda aliyense aona pamene akutsimphina. Munthu akakugulitsani nsapato ya kumanzere n'kunena kuti ya kumanja ibwera sabata yamawa, sanganene kuti malonda atha chifukwa mwalandira chomwe mwalipira. Munagula yoyambayo chifukwa cha lonjezo la inzake. Pachikuto pakalembedwa kuti "buku loyamba", ndiye kuti wogulitsa wanena ndi pakamwa pake kuti kukubwera ena. Zili ngati chipereganyu: amene walandira koyambirira sangadzuke n'kunena kuti iye watopa, pamene anzake akudikira tsiku lawo.

Komabe tisapitirire muyeso. Alipo owerenga ena amene amafika pomutukwana mkuluyu, ena mpaka kumuwerengera zaka zomwe zamutsalira pa dziko, ngati kuti ndi mbuzi yodikira Khirisimasi. Umenewo si umunthu. Nkhani si mandasi kuti ukathira m'mafuta mphindi zisanu yapsa. Ndipo tinaona tokha zotsatira za phuma: zigawo zomaliza za filimu ija mu 2019, zomwe anazipanga popanda buku lotsogolera, zinakwiyitsa anthu ambirimbiri mpaka ena kusainirana chikalata chopempha kuti azijambulenso. Kuthamanga sikufika. Kwa ine, ngongole ya wolemba si kutulutsa buku mawa. Ngongole yake ndi kunena zoona. Telala akandiuza kuti, "Mayi, diresi iyi yandivuta, sindikudziwa tsiku," ndimadandaula koma ndimamulemekeza. Amene amanditopetsa ndi uja wa "bwerani Lachisanu."

Zitsanzo za ochita bwino zilipo. J.K. Rowling analonjeza mabuku 7 a Harry Potter, anayamba mu 1997, mu 2007 anatseka chitseko. Robert Jordan anayamba The Wheel of Time mu 1990, matenda anamugwira nkhani isanathe, ndipo anamwalira mu 2007. Koma asanatsikire kuli chete anasiya zolemba zofotokoza mmene nkhaniyo ithere. Mkazi wake anasankha wolemba wina, Brandon Sanderson, amene anamaliza ntchitoyo ndi mabuku atatu, lomaliza mu 2013. Ameneyo ndiye telala amene anadziwa kuti nsalu ili m'manja mwake ndi ya eni, nasiya miyeso yolembedwa bwino pa makina.

Ife Amalawi kudikira nkhani tinakuzolowera, koma tinazolowera kudikira kwa ulemu. Agogo akati padangokhala, ife n'kuyankha kuti tili tonse, panali pangano: inu musagone, ine ndimaliza. Nthano sinkagona panjira. Pa wailesi ya MBC, Kapalepale ndi Pamajiga ankabwera pa tsiku lake. Zimachitika, sewero la a Story Workshop lomwe linayamba mu 1997, linkakusiyani mtima uli m'mwamba, koma munkadziwa kuti sabata yamawa nthawi yomweyo mumva zotsatira. Kudikira kotero n'kokoma, kuli ngati fungo la ndiwo zili pamoto. Kudikira kowawa ndi kuja kopanda tsiku.

Ndipo tisaganize kuti zinjoka ndi za azungu okha. Ife tili ndi Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene akuluakulu amati chikasamuka chimagumula miyala ndi madzi, monga anthu ananenera za ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Malemu Steve Chimombo, amene anatisiya mu 2015, anamulemba Napolo ameneyu m'ndakatulo zake kwa zaka zambiri. Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo, yomwe inapata mphotho ya Peer Gynt mu 2013 n'kusindikizidwa mu 2015. Luso lilipo.

Kusiyana kwake n'kwakuti wolemba wa kuno akachedwa, kawirikawiri si chifukwa choti dimba layanga. Nkhani imakhala itatha kale, ili m'kabati kapena m'kompyuta, koma mpamba wosindikizira palibe. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, zimafuna ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zonsezi zinakwera nayo limodzi. Osindikiza amathamangira mabuku a sukulu chifukwa ndiwo ali ndi msika wotsimikizika. Wolemba akadzisindikizira yekha, buku limodzi limawerengedwa ndi mzere wonse wa msika, ena n'kulijambulitsa pa fotokope, iye osapeza ngakhale ya minibasi. Kenako ife omwewo n'kumafunsa kuti lachiwiri lili kuti. A Martin ali ndi ndalama koma alibe mathero. Wathuyu ali ndi mathero koma alibe ndalama. Pa awiriwa, amene tingamuthandize ndi m'modzi yekha.

Ndiye pempho langa lili patatu. Kwa inu ogulitsa mabuku, kaya ku Limbe kaya m'tauni: dziwani katundu wanu monga wa nsomba amadziwira chambo cha lero ndi cha dzana. Kasitomala akatola buku la a Martin, muuzeni kuti alipo asanu ndipo nkhani sinathe. Ambiri agulabe, chifukwa mabukuwo ndi okoma, ndipo adzabweranso kwa inu chifukwa simunawanamize. Bodza la Lachisanu limakupatsani ndalama ya lero n'kukulandani kasitomala wa zaka khumi.

Kwa inu owerenga: musanalowe m'nkhani yotsatizana, funsani ngati ili ndi mathero, monga mumafunsira mbiri ya anthu musanalowe nawo m'chipereganyu. Mukalowa mukudziwa, musalire. Walira mvula walira matope. Sangalalani ndi asanu muli nawowo, poti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndipo pa ndalama yomwe mwasungira buku losatuluka lija, tapitani mukagule la wolemba wa kuno, logula ndithu osati lobwereka.

Kwa inu achinyamata amene mukulemba za Napolo, za afiti ndi za mafumu a Maravi m'makope usiku: musalembe "buku loyamba" pachikuto musanadziwe kumene nkhani yanu ikukathera. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Kuli bwino kutipatsa kabuku kamodzi kokhala ndi mutu ndi mchira kusiyana ndi kutilonjeza asanu ndi awiri n'kutisiya pa siteji dzuwa likulowa.

Tionana sabata yamawa, ndipo limeneli ndi lonjezo lokhala ndi tsiku.