Mlandu umaola pa Chiweta

Agogo anga ankakonda kunena kuti mlandu suola, chimaola ndi nyama. Ndinakula ndikuwakhulupirira mpaka tsiku limene thankala ya mafuta ya nambala ya ku Tanzania inagunda mlamu wanga m'munsi mwa phiri la Chiweta, m'boma la Rumphi. Lero ndabwera kudzakuuzani inu a m'tauni, amene mwagula nyuzi ino mutangotsika minibasi yoyendera mafuta omwewo, kuti m'dziko muno mlandu umaola. Umaola pakatha zaka ziwiri, ndipo amene amauoletsa si dzuwa ayi, ndi anthu a mataye okhala kuseri kwa madesiki.

Mchemwali wanga anakwatiwa kumpoto. Mwamuna wake ndi munthu wa usipa: ankapikula kunyanja, n'kumanga dengu panjinga, n'kukagulitsa m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1. Ana anayi ankadya, kuvala ndi kupita kusukulu chifukwa cha miyendo iwiri imeneyo. M'mawa wina thankala imene inali itatsitsa kale mafuta kuno kwathu ikubwerera ku Dar es Salaam, inatsetsereka pa Boliwoli mabuleki atatentha, n'kudya mbali ya msewu, n'kumukolopola pamodzi ndi njinga yake. Madokotala anachita zimene akanatha, koma mwendo wakumanja unadulidwa m'munsi mwa bondo.

Ndinene msanga, kuti wina asandimve molakwa: mkwiyo wanga suli pa dalaivala wachilendo uja. Anthu amene analipo akuti munthuyo sanathawe. Anatsika, anagwira m'mutu, anathandiza kunyamula wovulalayo akulankhula Chiswahili chimene palibe ankachimva bwino. Ndi wantchito ngati ine ndi inu, wogona m'galimoto, wotumidwa ndi bwana amene phiri la Chiweta amangolimva m'nkhani. Mkwiyo wanga uli pa ife eni dziko, amene tinatsegulira mlendo chipata koma osauza mwana wapakhomo choti achite mlendoyo akamuponda.

Zinayenda chonchi. Thankala inagona papolisi ina masiku awiri. Dalaivala anavomera mlandu woyendetsa mosasamala, analipira chindapusa, anapatsidwa lisiti, analiza injini, ulendo. Kuchoka pa Chiweta kukafika pa chipata cha Songwe ndi makilomita pafupifupi 150, ndiye kuti dzuwa lisanalowe munthu ali kale ku Kasumulu, kwawo. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu. Chindapusa chija chinalowa m'thumba la boma. Mlamu wanga, mwini mwendo, sanaoneko ngakhale tambala. Achibale anamva zoti "mlandu watha" ndipo anakhulupirira, chifukwa palibe anawauza kuti mlandu wa boma ndi wina, mlandu wa chipukuta misozi ndi winanso, ndipo wachiwiriwu suyamba wokha, amauyambitsa ndi mwini bala.

Mchemwali wanga atandiimbira foni anangoti, "Achimwene, inu munapita kusukulu, bwerani mudzatiwerengere mapepalawa." Mapepala ake anali awiri: buku la kuchipatala, ndi chidutswa cha katoni pamene mnyamata wina wogulitsa nthochi analemba nambala ya thankala ndi khala. Mnyamatayo ndimuthokoza mpaka kumanda. Koma analemba nambala ya kumbuyo, ya ngolo, osadziwa kuti mutu wa thankala uli ndi nambala yakeyake, ndipo ngolo amatha kuisinthira ku mutu wina ngati mmene mlimi amasinthira ng'ombe pa goli.

Ine wa sukulu uja ndinayamba ulendo. Lipoti la apolisi, kulipira. Lipoti la dokotala lonena kuti thupi lalumala ndi maperesenti angati, kudikira. Ku Mzuzu ndinalowa maofesi atatu a inshuwalansi. Koyamba anati, "Galimotoyo si yathu." Kwachiwiri anati, "Za magalimoto akunja amadziwa ndi a ku Blantyre." Kwachitatu mtsikana wina wachifundo anandifunsa funso limene ndinali ndisanalimvepo chibadwire: "Nanga nambala ya khadi lachikasu muli nayo, bambo?" Khadi lachikasu? Ine ndimadziwa la ku mpira basi. Ndinabwerera ku lipoti lija, ndinaliwerenga kutsogolo ndi kumbuyo. Dzina la dalaivala lilipo, chindapusa chilipo, lisiti ilipo. Mzere wa inshuwalansi, mbee!

Tsono mverani chimene ndinachipeza nditatha nsapato, chifukwa mwina inunso simukuchidziwa. Mu 1986 mayiko a chigawo chino, pansi pa bungwe la zamalonda la PTA, anasayinirana pangano la inshuwalansi ya magalimoto odutsa malire, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1987. Ndilo khadi lachikasu, limene m'maofesi amalitcha Yellow Card. PTA ija ndi imene inasanduka COMESA, ndipo mwambo wake unachitikira ku Lilongwe konkuno mu Disembala 1994. Dziko la Tanzania linatuluka mu COMESA mu 2000, koma pa nkhani ya khadili linatsalamo. Mwini thiraki amagula khadi kwawo, ndipo thirakiyo ikavulaza munthu kuno, wovulalayo sayenera kupita ku Dar es Salaam. Dziko lililonse lili ndi ofesi yoyang'anira khadili. Ya kuno ndiyo imayenera kulandira dandaulo ndi kulipira motsata malamulo a Malawi, kenaka n'kukabwezeredwa ndi anzawo a uko. Galimoto yakunja yopanda khadili imayenera kugula inshuwalansi ya kuno pachipata isanalowe.

Mwaiona nkhaniyo? Ndalama ya mwendo wa mlamu wanga inalipiridwa kale thankala isanaponde dothi la Malawi. Ilipo. Yakhala pena pake ikuswana. Chimene chikusowa ndi nambala imodzi, imene munthu wa yunifolomu akanatha kuikopera m'mphindi ziwiri asanabweze makiyi. Pangano lakwanitsa zaka zoposa 35, koma pitani pa Chitimba, pa Mchenga, pa Phwezi, mufunse mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ngati analimvapo. Funsani mfumu. Funsani mphunzitsi wamkulu. Kodi pangano limene eni ake salidziwa ndi pangano kapena ndi chinsinsi?

Nayi tsopano nkhani ya kuola ija. Lamulo la pamsewu la 1997 limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndipo gawo 148 limapatsa wovulala mphamvu yosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji, m'dzina lake. Lamulo labwino ndithu. Koma gawo lomwelo limati mphamvu imeneyo imatha pakapita zaka ziwiri. Kusumira mwini galimoto pa kuvulala kwa thupi, lamulo lina limapereka zaka zitatu. Koma mwini galimoto ali ku Dar es Salaam, ndipo wa usipa wopanda mwendo akamupeza bwanji? Ndiye "bwerani mawa" aliyense, "abwana atuluka" aliyense, "fayilo sikuoneka" aliyense, si ulesi chabe. Ndi mpeni umene ukusenga tsiku limodzilimodzi pa zaka ziwiri zija. Amene akuchedwetsa sataya kanthu. Amene akudikira ataya zonse.

Pamene pali bala, ntchentche sizichedwa. Mlamu wanga asanatuluke n'komwe m'chipatala, kunabwera mnyamata wa chikwama chakuda, wolankhula mokoma, akuti watumidwa ndi loya. "Dindani chala apa, adada, zonse tisiyireni." Pepala lachingerezi, munthu ali ndi malungo a bala, mankhwala ali m'mutu. Mwamwayi mchemwali wanga ndi wamakani, anakana. Madobadoba otere amadziwa bedi lililonse la ovulala pangozi kuposa abusa. Sindikunena kuti maloya onse ndi akuba. Alipo achilungamo, ndipo mmodzi wa iwo ndiye anatichenjeza za zaka ziwirizi osatilipiritsa. Koma si chinsinsi kuti bungwe la maloya m'dziko muno lakhala likulandira madandaulo a anthu amene chipukuta misozi chawo chinathera m'manja mwa owayimira. Wovulala amagundidwa kawiri: koyamba ndi chitsulo, kachiwiri ndi cholembera.

Ndikudziwa zimene a inshuwalansi ayankhe. Ati anthu amanama, amapeka ngozi, amagula malipoti, n'chifukwa chake timafufuza modekha. Zoona, akuba alipo. Koma abale, mwendo wodulidwa ungapekedwe? Bwerani mudzauwerenge, ndi umodzi basi. Ena ati kusadziwa lamulo si chodzikanira. Chabwino. Nanga lamulo lolembedwa m'Chingerezi, losungidwa m'maofesi a makilomita oposa 700 kuchoka pa Chiweta, munthu wolankhula Chitumbuka alidziwe kudzera m'maloto? Nthawi ya kampeni Chitumbuka mumachidziwa bwino, mpaka kuchidinda pa nsalu ndi pa malaya. Chimakuvutani pokhapokha pamene pali ndalama yoti mubweze.

Ndipo ngakhale munthu apambane, apeza chiyani? Khothi limawerengera ululu, kulumala, kuwonongeka kwa maonekedwe, ndi ndalama zimene munthu akanapeza akanakhala wamphumphu. Koma kampani imalipira kulekeza pa malire a pepala lake, ndipo amene amawerenga zigamulo za makhothi athu akudziwa kuti kwa zaka zambiri malire amene ankatchulidwa kawirikawiri anali K5 miliyoni. Kwacha inagwa ndi maperesenti 25 mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 mu Novembala 2023. Mtengo wa mafuta umasinthidwa usiku umodzi. Mtengo wa mwendo wa munthu wosauka umayenda ngati nkhono.

Tisaiwale chifukwa chimene mathirakiwa amadutsira pa Rumphi. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, dziko lino linatembenukira kumpoto, ku doko la Dar es Salaam. Kuyambira pamenepo anthu a ku Karonga ndi Rumphi akhala akusenza katundu wa dziko lonse pakhomo pawo. Feteleza, mafuta, magalimoto a kaunjika amene mukunyada nawo m'tauni, zonse zimakwera Chiweta. Pa Songwe boma silichita tulo: msonkho limatolera, ndalama ya msewu limatolera, chidindo chili chonse chili ndi mtengo wake. Mu 2022 linakhazikitsanso ntchito yokonza M1, kuphatikizapo chigawo cha Kacheche mpaka Chiweta. Phula ndi labwino, sindikukana. Koma msewu wosalala umathamangitsa thiraki, ndipo mwana wa sukulu, mayi wa mtolo wa nkhuni ndi bambo wa njinga adakali pomwepo m'mbali. Dziko lodziwa kuwerenga matayala pachipata lilephera bwanji kuwerenga miyendo pa Chiweta?

Zimene ndikupempha sizifuna ngongole ya kunja. Choyamba, galimoto yakunja imene yavulaza munthu isachoke papolisi nambala ya khadi lachikasu kapena ya inshuwalansi ya pachipata, nambala ya mutu ndi ya ngolo, dzina la kampani ndi keyala yake zisanalembedwe mu lipoti, ndipo wovulalayo apatsidwe pepala lake ulere. Chachiwiri, papolisi ndi pachipatala chilichonse cha m'mbali mwa M1 pakhomedwe chikalata cha Chitumbuka, Chinkhonde ndi Chichewa chonena kumene munthu apite ndi tsiku limene mlandu wake uthere. Chachitatu, oyang'anira khadili akhale ndi khomo lodziwika kumpoto, kumene mathiraki amalowera. Chachinayi, a Reserve Bank, amene amayang'anira makampani a inshuwalansi, azitiuza chaka ndi chaka madandaulo angati a magalimoto akunja analowa, angati analipiridwa, angati anaola. Chachisanu, aphungu athu, makamaka a ku Rumphi ndi Karonga, akafunse ku Nyumba ya Malamulo chifukwa chimene zaka ziwiri zimapitirira kuwerengedwa pamene wochedwetsa ndi kampani.

Kwa inu amene muli ndi abale m'mbali mwa msewuwu, safunsa anadya phula. Auzeni lero: ngozi ikachitika, ajambule pafoni nambala zonse ziwiri ndi mapepala a inshuwalansi, asunge lisiti iliyonse ngakhale ya bandeji, alembe mayina a mboni, asadinde chala pa pepala limene sanalimve. Wopanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, imene inayamba ntchito mu 2015 ndipo ku Mzuzu ili ndi ofesi. Ndipo awerenge miyezi ngati mayi woyembekezera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ife tatsala ndi miyezi isanu. Makalata tatumiza, nambala ya ngolo ikufufuzidwabe, mwana woyamba wasiya sukulu ali Fomu 2 kuti azikapikula usipa m'malo mwa atate wake. Mwezi watha ndinapita kukawaona. Ndinapeza mlamu wanga atakhala pakhonde akusoka ukonde wa eni ake, ndodo zake zitatsamira khoma. Nyumba yawo yayang'ana kumsewu. Thankala iliyonse ikamatsika phiri amasiya singano, n'kuitsatira ndi maso mpaka itazimiririka. Itadutsa ina yoyera anandigwira dzanja.

"Alamu, tayang'anani bwino. Si imene ija?"

Sindinayankhe. Nambala inali itakutidwa ndi fumbi, ndipo dalaivala anatiimbira hutala, kutipatsa moni.