Ndege sidanyamuke, nanga ndalama zili kuti?

Sabata yatha malume anga adandipatsa envulopu yothimbirira. Mkati mudali tikiti ya ndege ya ku Johannesburg, yomwe adagula mu Malichi 2020 kuti akaone mwana wawo. Sadakwere. Pa 1 Epulo chaka chimenecho boma lidaimitsa maulendo a ndege opita kunja chifukwa cha Covid-19. "Iwe mphwanga umalemba nyuzi, kandifunsire," adatero.

Ndidapita. Ajenti amene adawagulitsa tikitiyo adanditumiza ku kampani ya ndege. Kumeneko akuti tikiti yogula kwa ajenti imabwezedwa kwa ajenti komweko. Pomaliza mayi wina, waulemu wake ndithu, adayang'ana pakompyuta nkundiuza kuti malume adapatsidwa vocha pa imelo, ndipo idatha mphamvu kalekale. Malume amenewa imelo adaitsegula liti?

Tinene chilungamo. Tikiti zambiri zimagwira ntchito chaka chimodzi chokha, ndipo ukagula yotsika mtengo nkulephera wekha kukwera, ndalamazo walira nazo. Chomwe ungaitanitse ndi misonkho ya pabwalo la ndege, poti sudadutsepo. Ambiri izi sazidziwa, ndipo pakauntala palibe amene angakutsine khutu.

Koma malume sadachedwe, abale. Ndege ndiyo sidabwere.

Inu amene mudakhalako ku Ulaya mukudziwa. Lamulo la EU nambala 261 la 2004 limati kampani ikalepheretsa ulendo, munthu abwezeredwe ndalama zake pasadathe masiku 7, ndipo vocha aperekedwe pokhapokha mwini wake wavomera. Mu 2020 makampani adalira mokweza kuti m'thumba mwauma, koma European Commission idakana kufufuta ufuluwo. Ku America nako mu 2024 adakhazikitsa lamulo loti ndalama zizibwerera zokha, munthu osachita kugwada. Kodi Mmalawi yekha ndiye woyenera kukongoza kampani ya ndege zaka zonsezi popanda chiongoladzanja?

Chondiwawa kwambiri nachi. Tikiti mtengo wake amawerengera ku dola, ife nkulipira makwacha. Mu Meyi 2022 kwacha idagwa ndi K25 pa K100 iliyonse, mu Novembala 2023 idagwanso ndi K44. Ngakhale atawabwezera malume makwacha awo a 2020 mawa lino, sangakwane ndi theka la tikiti yatsopano. Kuchedwetsako kwadya kale gawo lalikulu.

Ndiye ndikupempha bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe ntchito yake ndi kuteteza ogula, linene poyera: kampani ikalepheretsa ulendo wochokera ku Lilongwe kapena ku Chileka, ibweze ndalama, pa mtengo wa dola wa tsiku lobwezalo, ndipo ajenti ndi kampani asiye kuponyerana munthu ngati mpira wachikulunga.

Lolemba ndikukasiya kalata ya malume kumeneko. Amene muli ndi tikiti zotere m'masutikesi, musataye lisiti.