MLENDO NDI MLENDO, KAYA WOYERA KAYA WAKUDA

Abale ndi alongo a m'makomboni, lero tifuna kunena za apolisi a ku Livingstone ndi alendo amene amadza kudzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya. Ena adzati, "Nanga ife zitikhudza bwanji?" Zitikhudza ndithu, pakuti nsima ya mzinda umene uja icokera kwa alendo. Likulu la dziko linacoka kumeneko mu 1935 kunka ku Lusaka. Mafakitale a nsaru ndi a galimoto anatsekedwa kale. Ngakhale likulu la cigawo ca Kumwera linasamukira ku Choma. Catsala n'ciani? Mathithi basi. Wophika m'hotela, woyendetsa takisi, wosema ziboliboli wa kwa Mukuni, mai wa pa msika wa Maramba, onsewa adya za mlendo.

Tsono taonani macitidwe a apolisi ena. Akafika Mzungu ndi kamera pakhosi, amgwadira, amlozera njira, ndipo cikwama cace cikasowa athamanga ngati nyumba yapsya. Ife sitikana zimenezo, ndiyo nchito yao. Koma afike mphunzitsi wa ku Kitwe ndi banja lace, kapena mbale wathu wa ku Malawi amene wasunga ndarama caka conse kuti aone mathithi. Moni wace ndi wakuti, "Reji yako iri kuti? Ufuna ciani kuno?" Kodi ameneyu si mlendo? Kodi ndarama yace ndi masamba? Agogo athu anatentha zitupa mu 1961 kuti munthu wakuda ayende m'dziko lace mosafunsidwa ngati mbala. Nanga citupa cabweranso ndi yani?

Ndipo musaganize kuti Mzungu uja amkonda. Akonda thumba lace. Akakwera galimoto ya hayala, pa cipingo ca pa mseu mlandu upezeka msanga: nyali, pepala, liwiro. Mlandu ukakhala woona, alipire monga tilipira tonse, alandire lisiti la Boma. Koma wapolisi wonong'ona kuti "tingamvane pompano" ndiye mdani wa anchito. Mlendo apereka akuseka, koma akafika kwao ku London kapena ku Johannesburg auza anzace onse. Mlatho uja wa 1905 ndi waufupi, abale. Kuyambira 2014 pali viza imodzi ya KAZA yolola mlendo kulowa Zambia ndi Zimbabwe pamodzi. Akanyansidwa kuno agona tsidya lija, adya komweko, agula ziboliboli komweko. Wapolisi wadya tsiku limodzi, koma woyala mabedi wa ku Libuyu wacotsedwa nchito, ana ace agona ndi njala.

Tidziwa kuti wapolisi naye ndi wanchito, ali ndi ana ofuna mayunifomu ndi mabuku. Koma malipiro apemphedwa kwa bwana wolemba nchito, osati kwa wodutsa pa mseu. Makolo athu a ku migodi pamene anaona kuti ndarama yacepa, anaika pansi mafosholo mu 1935 ndi mu 1940. Sanapite kukapisa m'thumba la mnzao.

Cifukwa cace ife tifuna izi:

1. Faindi iri yonse ikhale ndi lisiti la Boma. Popanda lisiti, palibe ngwee.
2. Wapolisi ali yense aonetse nambala yace poyera, kuti wolakwa adziwike ndipo wabwino atamandidwe.
3. Lamulo likhale limodzi kwa mlendo wa pa ndege ndi mlendo wa pa basi.

Ndipo inu otakisi, inu a m'mahotela, mukaona zoipa musangoti "ndi mmene ziliri." Lembani nambala, tsiku ndi malo. Kuyambira 2016 kuli bungwe la Police Public Complaints Commission, nchito yace ndi kumva madandaulo otere. Pitani awiri kapena atatu, pakuti mau a mmodzi auluka ndi mphepo.

Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Apolisi a ku Livingstone, musakamutse mame amene adyetsa ana anu ndi athu omwe!