Tikiti yotchipa sibwera ndi kamba

Inu makolo ndi maanja achinyamata amene muli ku South Africa, musanadumphire tikiti ya ndege yotchipa, yambani mwafunsa kuti mwana adya chiyani m'mwambamo.

Ulendo wochokera ku Johannesburg kupita ku Cape Town umatenga maola pafupifupi awiri. Kwa wamkulu si nkhani, koma mwana wanjala sadziwa kudikira. Mu FlySafair, yomwe inayamba kuuluka mu 2014, chakudya ndi zakumwa n'zogula, ndipo mtengo wake suli ngati wa pagolosale. Ogwira ntchito m'ndegemo amadutsa ndi kangolo, ofuna agule, opanda ndalama angoyang'ana. Tikiti yawo yotchipitsitsa imalola kachikwama ka m'manja kokha, sutukesi njolipira padera. Airlink nthawi zambiri imakwererapo mtengo, koma chakudya chopepuka, chakumwa ndi sutukesi zimakhala kale m'tikiti. Ku Ulaya, Ryanair ndi easyJet nazo zimagulitsa chakudya.

Tsono musanasankhe, khalani pansi awirinu muwerengere zonse: matikiti, katundu ndi chakudya cha aliyense. Pena yotchipayo imapambanabe, pena kusiyana kwake kumangotsala pang'ono. Walira mvula walira matope: mukasankha yotchipa, musakakalipire mwana wa eni wogwira ntchito m'ndege chifukwa sanakupatseni tiyi waulere. Si iye anakhazikitsa malamulo.

Dyetsani ana musanakwere, nyamulani buledi, nthochi kapena mabisiketi, osaiwala khadi ya kubanki. Wakhanda muyamwitseni ndege ikamanyamuka ndi kutera, makutu sapweteka kwambiri. Abambo, kukonza kamba si ntchito ya amayi okha.